Kabwato Kanga Kapeza Manambala ku Texas

Moni abale anga nonse kulikonse kumene mukumvera. A ku Joni amene mwangoweruka kumene, a ku Leeds, a ku South Bend, ndi inu akumudzi amene mwasunga bandulo kuti mumve mawu anga, zikomo kwambiri. Ndikulankhula kuchokera ku Garland, m'mbali mwa mzinda wa Dallas, ndipo ngati mukumva kanthu kakulira chapansipansi kumbuyo kwangaku, ndi chaja ya batire. Ndili m'galaja. Batire limeneli ndilo layambitsa nkhani yonse ya lero.

Amene mwakhala nane kuyambira kale mukudziwa kuti ndine mwana wa kunyanja. Ndinabadwira ku Nkhotakota, ndipo nkhafi ndinaigwira ndisanadziwe kulemba dzina langa. Bambo anga anali ndi bwato losema, lokhala ndi chigamba cha lata kumutu, ndipo padoko lathu panalibe munthu wosalidziwa. Amene anagwetsa mtengo wake ankadziwika, amene anasema ankadziwika, amene anathandiza kulikokera kunyanja anadya nawo nsima tsiku limenelo. Wina akanaliba usiku, kukacha mudzi wonse ukanakhala mboni.

Nditafika kuno ndinakhala zaka zitatu osakhudza madzi a nyanja. Ntchito yanga ndi ya m'nyumba yosungiramo katundu, kunyamula makatoni usiku wonse, ndipo masana munthu umangofuna tulo. Tsiku lina mnzanga wa kuntchito ananditengera ku Lake Lavon, kufupi ndi tauni ya Wylie. Nyanja imeneyi ndi yochita kupanga, anatseka mtsinje wa East Fork wa Trinity m'ma 1950, monga zilili nyanja zambiri za ku Texas. Madzi ake ndi ofiirira, sangafanane ndi athu oti umaona mchenga pansi. Koma nditamva fungo la madzi ndi matope, ndikuona anthu akuwedza pakati pa mitengo youma imene inamizidwa, mtima unandiuza kuti ndabwerera penapake.

Boti lenileni sindikanakwanitsa, ndiponso ndikanalisunga kuti? Ndiye ndinagula kabwato kopalasa kamene kuno amati kayak. Inali kayak yogwiritsidwapo kale ntchito, ya pulasitiki, yotalika mafiti 12, ya mtundu wokhala pamwamba. Mwini wake ankasamuka, amafuna kuchepetsa katundu. Tinakumana pakhomo pake, ndinamupatsa madola 600 pamanja, tinagwirana chanza, anandithandiza kuimangirira pamwamba pa galimoto, basi. Monga timachitira kwathu pogula njinga kapena mbuzi. Lisiti sindinafunse, iyenso sanaitchule.

Chaka chonse ndinapalasa popanda vuto, chifukwa lamulo la ku Texas silifuna kuti kayak yopalasa ndi manja ilembetsedwe, kaya italike bwanji. Laisensi yowedzera yokha ndinali nayo. Ndinkagwira nsomba zimene kuno amazitcha crappie, zoyera mnofu, zokoma mukazikazinga, ngakhale chambo sizingachipose. Lamulo limalola 25 patsiku, iliyonse yosachepera mainchesi 10. Milamba nayonso ilimo yambiri.

Chimene chinandisintha maganizo ndi mphepo ndi phewa. Kuno m'miyezi ya Malichi ndi Epulo kumawomba mphepo yochokera kummwera yosalekeza, yondikumbutsa mwera wa kwathu umene umasunga asodzi pamtunda sabata yathunthu. Tsiku lina ndinapita ndi mphepo kumbuyo, pobwerera inali pamaso, ndipo ndinapalasa maola awiri pamtunda umene ndimatha mphindi 40. Phewa lamanja, lotopa kale ndi makatoni, linatupa masiku anayi. Mayi a kunyumba anati, "Bambo, ngati nyanjayo simuisiya, pezani njira ina, ana akufunani amoyo." Ndinagula kainjini kamagetsi kamene amati trolling motor, ka Minn Kota, kokankha ndi mphamvu ya mapaundi 30, ndi batire la mavolti 12. Kulira kwake sikuposa fani ya m'nyumba. Liwiro lake ndi la munthu woyenda ndawala.

Tsiku loyamba kukayesa, ndikutsitsa kabwatoko padoko, mkulu wina wachizungu wa imvi amene ankakonza mbedza zake anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumutu kwa kabwato, kenako anandifunsa mwaulemu kuti manambala anga ali kuti. Ndinamuyankha kuti iyi ndi kayak, silembetsedwa. Iye analoza kainjini kaja nati ndi chimenecho si kayak wamba ayi, boma likuiwerenga ngati boti la injini. Anandiuza kuti akandipeza a game warden, amene ndi apolisi oona za nyama ndi nyanja, andilembera tikiti. Ndimamuthokozabe mkulu uja. Akanatha kungokhala chete. Ndinamasula kainjini, ndinakatsekera m'galimoto, tsiku limenelo ndinapalasa ndi manja.

Mvetsetsani chifukwa chake ndinachita mantha. Chindapusa cha mlandu wotere chimayambira pa madola 25 mpaka 500, ndalama yoti munthu angaipeze. Koma ife obwera tikiti iliyonse timaiona ndi maso ena. Pamene mapepala ako okhalira m'dziko akadali m'manja mwa boma, sufuna dzina lako lilembedwe paliponse pamene pali mawu oti mlandu, ngakhale waung'ono chotani. Inu a ku Joni mukundimva bwino.

Walira mvula walira matope. Ndinafuna injini, ndinapeza mapepala.

Lamulo lake lili chonchi. Ku Texas chombo chilichonse chokhala ndi injini, kaya ya petulo kaya yamagetsi, kaya chikhale chachifupi bwanji, chiyenera kulembetsedwa chisanalowe m'madzi a boma. Amene amayang'anira zimenezi ndi a Texas Parks and Wildlife Department, likulu lawo lili ku Austin. Pali zinthu ziwiri zimene poyamba ndinkaziyesa chimodzi. China ndi kulembetsa, kumene kumakupatsa nambala ndi chilolezo choyenda pamadzi kwa zaka ziwiri, zikatha umakawonjezera. China ndi title, pepala lotsimikiza kuti chombocho ndi chako. Title muiyerekeze ndi blue book ya galimoto kwathu. Injini ya petulo yomangirira kumbuyo imafunanso title yakeyake, koma yamagetsi ngati yangayi ayi.

Fomu yake ndi PWD 143. Kuidzaza sikuvuta. Povuta ndi pamene akufunsa umboni woti kabwatoko unakapeza bwanji. Kayak yatsopano imatuluka kufakitale ndi pepala lotchedwa MSO, lonena kuti kampani yakuti inapanga chombo chakuti. Lili ngati chiphaso chobadwira. Anthu ambiri ogula kayak amalitaya pamodzi ndi mapulasitiki okutira, chifukwa saganiza kuti tsiku lina adzaika injini. Boma limafuna kuona mzere wonse wosaduka, kuchoka kufakitale kupita kusitolo, kuchoka kusitolo kupita kwa wogula woyamba, kuchoka kwa iyeyo kufika kwa iwe. Ine ndinali ndi kabwato m'galaja, ndi chikumbumtima choyera, koma pepala n'limodzi lomwe ndinalibe.

Usiku umenewo ndinakhala pansi m'galaja muno ndikuganiza za bwato la bambo. Kwathu umwini umakhala m'maso mwa anthu. Kuno, munthu amene ndinamupatsa madola 600 sankadziwa ngakhale dzina la bambo anga, ndipo anansi anga sakanatha kunena ngati kabwatoko ndinagula kapena ndinatola. Sindikunyoza dongosolo lawoli. M'dziko limene anthu amasamuka chaka ndi chaka, mboni zimabalalika, ndiye pepala limagwira ntchito imene kwathu imagwiridwa ndi mudzi. Kayak zimabedwa kwambiri, munthu mmodzi amangoinyamula. Koma zinandiwawa kuona kuti mawu anga okha sangakwane.

Chinandipulumutsa ndi nambala ina imene sindinkadziwa n'komwe kuti ilipo. Chombo chilichonse chopangidwa kapena kulowetsedwa mu America kuyambira pa 1 Novembala 1972 chimakhala ndi HIN, zilembo ndi manambala 12 zodindidwa pathupi pake. Pa kayak muziyang'ana kumbuyo, mbali ya kumanja. Zitatu zoyamba zimasonyeza kampani imene inapanga, zisanu zotsatira ndi nambala ya chombocho, zomalizira zimanena za nthawi imene chinapangidwa. Yanga inali itakandikakandika chifukwa chokokedwa pamiyala. Ndinaitsuka, ndinaika pepala pamwamba n'kupaka pensulo mpaka zilembo zinatuluka, monga tinkachitira ndi ndalama yachitsulo tili ana. Ndinaijambulanso ndi foni. Pali fomu ina, PWD 504, yotsimikizira nambala imeneyi.

Kenako ntchito yosaka wogulitsa uja. Anali atasamukira dera lina lakutali, ndipo mauthenga anga awiri oyamba sanayankhe. Ndikuganiza kuti ankayesa kuti ndikufuna kubweza katundu. Wachitatu ndinalemba mofatsa, kufotokoza kuti ndikungopempha siginecha, envelopu ndi sitampa ndilipira ndekha. Patapita sabata ziwiri anayankha. MSO anali atataya kalekale, koma anafufuza mu imelo yake napeza lisiti ya kusitolo kumene anagula. Anasainanso kalata yogulitsira yokhala ndi dzina lake, langa, tsiku, mtengo ndi HIN. Ndi lisiti ija ndi chithunzi cha nambala ndinalembera kampani yopanga, ndipo inanditumizira MSO ina. Zonsezi zinadya sabata zisanu ndi ziwiri, nyengo yabwino ya crappie n'kudutsa ndikupalasabe ndi phewa lowawa, kainjini kali pashelefu.

Mapepala atakwana, zotsalazo zinayenda msanga. Mukhoza kutumiza papositi ku Austin, kupita ku ofesi ya dipatimentiyi ya m'dera lanu, kapena ku maofesi ena a msonkho a m'makaunti (maboma aang'ono a kuno) amene amalandira za maboti, koma yambani mwaimba foni chifukwa si onse. Ine ndinapita ndekha, ndinkafuna kuona ndi maso. Pamene ndinkalipira, chombo chosafika mafiti 16 chinali madola 32 kulembetsa, title madola 27. Mayi amene anandithandiza anawerenga pepala lililonse, anayerekeza HIN ya pachithunzi ndi ya pa MSO chilembo ndi chilembo, nandipatsa nambala.

Nambalayo imayamba ndi TX, kenako manambala anayi, kenako zilembo ziwiri. Imamatidwa mbali zonse ziwiri chakumutu, zilembo zake zosachepera mainchesi 3, zoongoka, za mtundu wosiyana ndi thupi la chombo, zowerengeka kuchokera kumanzere, ndipo pakati pa magulu atatuwo pamakhala mpata. Stika ya boma imakhala pamzere womwewo chakumbuyo kwa nambala. Apa ndikuuzeni chimene palibe fomu imene ingakuuzeni: pulasitiki ya kayak imakana zomata. Zoyamba zinagwa tsiku lomwelo. Ndinachita kupukuta malowo ndi spiriti, kuwasiya aume, kumata masana dzuwa litatentha, n'kutsindira ndi supuni chilembo chilichonse. Zachiwirizi zagwira mpaka lero.

Kakhadi ka kalembera kayenera kukhala nawe pamadzi nthawi zonse, kanga ndimakasunga m'kabotolo kotseka bwino pamodzi ndi laisensi. Jekete yoyandamitsa ikhalemo ya munthu aliyense, ndipo mwana wosafika zaka 13 azivala osavula. Ine ndimavala nthawi zonse. Ndinakula ndikuona maliro a asodzi odziwa kusambira kuposa ine, amene mwera unawapeza pakati pa nyanja. Wezulo akhale pakhosi, ndipo ngati mutuluka kusanache kapena kubwerera kutada, magetsi akhalepo. Pochoka padoko muyeneranso kukhetsa madzi onse m'chombo, chifukwa cha tinkhono totchedwa zebra mussel, timene tinapezeka mu Lake Texoma mu 2009 ndipo tafalikira m'nyanja zambiri, tikutseka mapaipi a madzi akumwa. Amene muli m'madera ena a America, malamulo amasiyana dera ndi dera, funsani kwanuko musanamange injini. Ndipo mukamagula kayak kwa munthu, ngakhale mulibe maganizo a injini, pemphani MSO, lisiti ndi kalata yosaina tsiku lomwelo, ndalama isanachoke m'manja.

Title inabwera papositi patapita masabata angapo. Ndinaitsegula nditaimirira panja pa bokosi la makalata. Nyumba imene tikukhala ndi ya lendi, galimoto ikadali pangongole ndipo pepala lake lili ndi dzina la obwereketsa. Ili linali pepala loyamba m'dziko lino lonena kuti chinthu ndi changa ndekha, popanda dzina la wina pambali. Kabwato ka pulasitiki ka mafiti 12. Ndinalowa m'nyumba osalankhula, ndinawapatsa mayi a kunyumba, anawerenga, anandiyang'ana, nakaliika m'chikwama momwe timasunga mapasipoti ndi ziphaso za ana.

Lamlungu ndinawaimbira bambo pa WhatsApp, mng'ono wanga atawagwirira foni chifukwa maso awo ayamba kuchita khungu. Ndinawaonetsa manambala, ndinawafotokozera za Austin ndi za mkulu wa imvi uja. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mwana wanga, boma lalidziwa bwatolo, chabwino. Nanga padokopo alipo amene amadziwa nthawi imene walowa m'madzi ndi nthawi yoti utuluke?" Ndinati, "Ayi Bambo, kulibe." Anati ndisalowenso mpaka nditapeza munthu woteroyo.

Ndiye Loweruka lapitali ndinamufunafuna mkulu uja padoko, ndinamupeza, tinapatsana manambala a foni. Dzulo wanditumizira uthenga kuti crappie zayamba kudya cha kumpoto, pa mitengo youma paja, ndipo tinyamuka 5 koloko m'mawa. Chaja yasiya kulira, batire ladzaza. Tsalani bwino abale anga, tidzamvana sabata ya mawa.