Makalata a omvera: mwanayu amachinya, koma angadye nawo mpira?

Takulandiraninso omvera ku gawo lathu la makalata, lero thumba ladzadza ndi za mpira zokhazokha ndiye inu amene mwalemba za fetereza ndi za ngongole pepani, zimenezo tiziona sabata yamawa. Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Dedza, apempha kuti dzina tisatchule, ndipo atumizanso ma video pa WhatsApp. Akuti:

"Zikomo achimwene chifukwa cha pologalamu yanu. Ine ndikulera mwana wa achemwali anga, bambo ake anatisiya kalekale, ali ndi zaka 17 ndipo ali folomu 3 pa CDSS ya kwathu kuno. Mwanayu mpira amautha, amasewera nambala 9, ku ma bonanza kuno ndi kawirikawiri gemu kutha iye atachinya, masapota mpaka amamunyamula m'mwamba. Ndiye kwabwera mkulu wina akuti ndi ejenti, akuti mwanayu akungoonongeka kumudzi kuno amutengere ku Joni kuma trials, koma tipereke ndalama ya pasipoti, ya thiransipoti ndi ina akuti yotsegulira zitseko. Ndalama yake ndi yoti ndigulitse ng'ombe ziwiri zimene ndili nazo kuphatikizapo kachewere wa chaka chino. Mayi ake akuti sukulu kaye, mwana akuti tikumutsekereza mwayi, pakhomo sitikumvana. Inu mumaonera mpira wambiri, taonani ma video-wo mutiuze chilungamo, mwanayu ali ndi luso loti n'kudya nalo kapena tikungonamizana?"

Zikomo malume, ndipo poyamba ndikuthokozeni kuti mwafunsa musanagulitse ng'ombezo, ambiri amatilembera zitagulitsidwa kale.

Ma video ndaonera ndithu, ndipo ndiyambe ndi zimene zandisangalatsa chifukwa zilipo. Pali kavideo kena kamene wojambula anaima kuseri kwa golo, mpira uli kumapiko kumanja, ndiye taonani zimene mphwanuyo akuchita mpira usanabwere, akucheuka kuona pamene difenda waima, akubwerera m'mbuyo pang'ono ngati alibe nazo ntchito kuti difenda amuiwale, kenako wakumapiko atangoweramitsa mutu kuti amenye kolosi iye wadutsa kale kutsogolo kwa difenda uja kulowera pa mtengo wapafupi, mpira kungougunda kamodzi osauimitsa, goloboyi atangoima. Malume chimenechija si cha aliyense ayi. Anyamata ambiri a msinkhu wake amadikira mpira uwapeze pa mwendo kenako ayambe kudoda anthu atatu kuti masapota akuwe, koma uyu akudziwa kumene mpira ugwere usanamenyedwe, ndipo chimenechi makochi amavutika nacho kuphunzitsa. Ndiye funso lanu loti luso lilipo, ine ndikuti lilipo, sindikukusangalatsani chabe.

Koma tsopano mumve zinazi, ndipo ngati mnyamatayo ali pafupi ndi wailesi muitaneni amve yekha. Zigoli zonse zimene ndaona wachinya ndi mwendo wamanja. Pali pena mpira unamupeza bwinobwino kumanzere ali yekha mu bokosi, m'malo mowombera pomwepo anatembenuza thupi lonse kuti auike kumanja, mmene amamaliza kutembenukako difenda wafika kale, mwayi wake n'ngoti difenda uja anali wolemera thupi anaterereka. Mu Super League difenda sakupatsa nthawi imeneyo, akangokuonera gemu imodzi wadziwa kuti uyu kumanzere kulibe kanthu ndipo gemu yonse azingokukankhira komweko. China chimene chandidandaulitsa kwambiri, mu video yaitali ija timu yake italuza mpira iye waima manja m'chiuno, anzake akuthamanga kubwerera iye akuyenda ngati akupita kukagula sopo pa okala. Mpira wa masiku ano sitiraika ndi amene amayamba kutchinga, kochi aliyense wa timu yaikulu akaona zimenezo amalemba dzina lako pa benchi ngakhale uzichinya bwanji. Ndiye iwe mnyamata, ngati ukumva, mwendo wamanzerewo upeze khoma kapena mnzako uziumenyetsa tsiku ndi tsiku mpaka usiye kuuopa, ndipo ukaluza mpira ukhale woyamba kuuthamangira.

Komanso malume tizinena zoona, ma video amene mwatumiza ndi a zigoli zokhazokha, palibe amene amajambula gemu imene mwana sanagunde mpira mphindi 90 zonse. Ine ndikufuna ndimuone pa gemu yoteroyo, atamenyedwa chigongono ndi bambo wa ndevu, lefa osaimba, timu ikutsalira ndi zigoli ziwiri, amatani? Amakwiya n'kuyamba kulalatira anzake kapena amapitiriza kuthamanga? Pa bonanza ya kumudzi yankho limeneli simungalipeze, chifukwa amene akusewera nawo ambiri satrena n'komwe, amachokera kumunda kungovala jombo. Chimene chingatiuze ngati angakhale professional ndi sizoni yathunthu mu ligi ya m'chigawo kapena timu ya achisodzera ya kalabu yolembetsedwa, komwe kuli kutrena kwa sabata yonse, maulendo otopetsa ndi kulimbirana malo ndi anzake amenenso kwawo amawanyamula m'mwamba. Ndipo simukuyenera kupita kutali, kwanu komweko kuli Dedza Dynamos imene inakwera mpaka kufika mu Super League, Lilongwe nayo ili pafupi kuli matimu ambiri ndi ma academy. Akachinya kumeneko anthu amufuna okha, simuchita kulipira munthu.

Za ejentiyo ndiye ndilankhule mosapsatira. Malamulo a FIFA salola kuti mwana wosakwana zaka 18 asamutsidwe kukasewera kalabu ya dziko lina, pali zifukwa zochepa chabe zimene amalola, monga ngati makolo asamukira dzikolo pa nkhani zosakhudza mpira, ndipo za mphwanuyu sizikulowamo. Ndiye ngakhale atakachita bwino kuma trials ku Joniko kalabu singamulembetse pano ali 17, nanga mkuluyo akuthamangira chani? Ma trials enieni amabwera ndi kalata yochokera ku kalabu, yonena masiku, kokagona ndi amene alipire ulendo, ndipo ejenti weniweni amakhala ndi laisensi ya FIFA, amadya mwana akasaina kontilakiti, sayamba ndi ng'ombe za amalume. Mufunseni akuonetseni laisensi ndi kalata ya kalabuyo, kenako mufunse ku FAM ku Chiwembe ngati akumudziwa. Akayamba kukwiya kapena kunena kuti mwayi utha mawa, mwadziwa kale. Anyamata athu ena anapita choncho, kukafika munthu uja foni wathimitsa, mwana alibe mapepala, mapeto ake akugwira maganyu kuti apeze yobwererera ndipo manyazi akumukaniza kuimba foni kunyumba, ine zimenezi zimandipweteka kwambiri chifukwa ena mwa iwo mpira amautha zenizeni.

Taonani njira imene anadutsa amene anafikadi. Gabadinho Mhango anachokera ku Rumphi, anayamba waoneka kaye kuno kwathu atavala yofiira ya Maule, timu ya Big Bullets, akuchinya pamaso pa aliyense pa Kamuzu Stadium, ndiye mu 2013 Bloemfontein Celtic ya ku Joni inamutenga ali ndi zaka cha m'ma 20. Ndipo sikuti atangofika zonse zinayera, anadutsa Golden Arrows, kenako Bidvest Wits komwe anatenga nawo ligi ya 2016/17, n'kudzafika ku Orlando Pirates komwe mu sizoni ya 2019/20 anachinya zigoli 16 n'kugawana nsapato yagolide ndi Peter Shalulile wa ku Namibia. Muwerenge zaka zimenezo malume, kuchoka 2013 kufika 2020. Essau Kanyenda naye anayamba waseweratu kuno asanapite ku Jomo Cosmos, ndipo ndi zigoli za ku Cosmos zimene zinamutsegulira njira ya ku Russia ku Rostov ndi Lokomotiv Moscow. Onsewa makalabu akunja anachita kuwafuna atawaona akuchinya mu ligi.

Pa za sukulu mayi ake akunena zoona ndipo ine ndili mbali yawo, kwatsala folomu 4 yokha basi. Bondo limatha kuduka tsiku limodzi pa galaundi ya miyala, ndipo ngakhale osewera ambiri a mu ligi yathu ndalama ya mpira yokha siwafikitsa patali, n'chifukwa chake mumaona kuti amene ali ku matimu a asilikali ndi apolisi monga Kamuzu Barracks, Moyale, MAFCO kapena Blue Eagles amakhala ndi podalira pena, koma ntchito zimenezonso zimafuna pepala la sukulu. Alembe MSCE akusewera ligi ya m'chigawo, ziwirizi zimatheka limodzi. Ng'ombe zikhale m'khola, ngati mukufuna kumuthandiza mugulireni jombo zabwino ndi thiransipoti yopitira kotrena.

Kalata yachiwiri yachokera ku Zomba, kwa aphunzitsi ena amene amaphunzitsanso timu ya ana kudera kwawo. Akuti:

"Ndili ndi kamnyamata kothamanga kwambiri, miyendo yonse kamawombera, koma n'kakafupi. Tinapita nako kuma trials a timu ina anatibweza akuti thupi lachepa sikangalimbane ndi ma difenda. Zaka zake ndi 19, ndiye anthu ena akundilangiza kuti timupangire mapepala ena azioneka wa 16 kuti alowe ku timu ya ana poti thupi likulola. Ndichite bwanji?"

Aphunzitsi, za kufupikazo musataye nazo mtima, Gabadinho yemweyo si wamtali koma tonse tinaona zimene anachita ku Cameroon pa mpikisano wa maiko a mu Africa wa AFCON mu January 2022, zigoli ziwiri pogonjetsa Zimbabwe 2-1, ndi chija anamenyera kutali kwambiri mpira kudutsa pamwamba pa goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou. Wamfupi amafunika kulimba m'chiuno ndi m'miyendo kuti akakankhidwa asagwe, kudziwa kutchinga mpira ndi thupi, ndi kuthawa difenda m'malo molimbana naye m'mwamba, ndipo mwina malo ake enieni ndi kumapiko kapena kuseri kwa nambala 9, muyeseni kumeneko. Kochi mmodzi akakana si kuti onse akana.

Koma za mapepalazo ayi aphunzitsi, chonde musayerekeze. Inu ndinu mphunzitsi, ana amene mukuwaphunzitsa akuona. Wa zaka 19 akasewera ndi ana a 16 amaoneka katswiri chifukwa mafupa ake anakhwima kale, iye amasiya kukula pa mpira poti palibe womuvutitsa, ndipo amalanda malo a mwana weniweni wa 16 amene akanaphunzira pamenepo. Komanso masiku ano ku mipikisano ya CAF ya osapitirira zaka 17 amayeza fupa la pamkono ndi makina a MRI, akagwidwa manyazi ake amagwera mwana, timu ndi dziko lomwe. Pa 19 malo ake ndi pakati pa akuluakulu, mupezereni timu ya ligi ya m'chigawo komwe azisewera sabata iliyonse ngakhale ikhale yosatchuka, kusiyana n'kukakhala pa benchi ku timu ya dzina.

Yomaliza ndi yaifupi, yachokera ku Mzuzu kwa mtsikana wa zaka 16. Akuti: "Ine ndimasewera kutsogolo pa timu ya kusukulu ndipo ndimachinya, koma kunyumba akuti mpira ndi wa anyamata ndisiye. Ndidziwa bwanji ngati ndingafike patali?"

Mwana wanga, makolo uwalemekeze koma uwapemphe akhale pansi amve izi. Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa anachokera ku Rumphi komweko kumpoto kwanu. Tabitha atachoka kuno anayambira ku Sweden, anasewera ku China, ku Inter Milan anachinya zigoli 23 mu sizoni ya 2022/23 kuposa wina aliyense mu ligi ya Italy, kenako PSG ndi Lyon ku France. Temwa mu 2024 ali ku Kansas City Current anachinya zigoli 20 mu ligi ya ku America, zimene panalibe anazifikapo mu sizoni imodzi, n'kusankhidwanso wosewera bwino koposa onse. Ndipo Scorchers, timu ya dziko lino ya atsikana, inatenga chikho cha COSAFA mu 2023. Kunena zoona pakali pano amene akweza kwambiri dzina la Malawi pa mpira kunja ndi atsikana, ndiye mawu oti mpira ndi wa anyamata anatha ntchito.

Zoti ufika patali sindingakuuze lero poti sindinakuone ukusewera, ndipo timu ya kusukulu yokha siyokwanira kuyezera. Upemphe aphunzitsi a zamasewero akakulankhulire kunyumba ndipo akupezere timu ya atsikana ya mu ligi ya kumpotoko kuti ukakumane ndi achemwali okuposa msinkhu, sukulu osaisiya. Ukayamba kusewera kumeneko upeze munthu ajambule hafu yathunthu, osati zigoli zokha, utitumizire pa nambala yomweyi ndidzakuuze zimene ndaona monga ndachitira ndi malume a ku Dedza. Nthawi yathu yathera pomwepa, makalata otsala tiwerenga sabata yamawa.