CV yoti bwana aiwerenge mpaka kumapeto

Moni nonse a pagulu lino. Mauthenga anu ndawaona, ambiri mukufunsa za CV, ena mwanditumizira kale anu kuti ndiwaone. Ndiye m'malo moyankha mmodzimmodzi ndangoti ndijambule mawu, aliyense amvere pa nthawi yake. Italikirapo pang'ono, mundipirire.

Tiyambe ndi munthu amene adzawerenge CV yanuyo. Ntchito imodzi yokha ikalengezedwa mu The Nation kapena The Daily Times, makalata amabwera mulu, ena pa imelo, ena m'maenvulopu. Amene wapatsidwa ntchito yosankhayo amakhala ali ndi ntchito zinanso zikumudikira. Sawerenga liwu ndi liwu ayi. Amaponya diso pa tsamba loyamba, kufunafuna zinthu zimene iwo analemba pachilengezo chija. Akaziona msanga, pepala lanu lipita mbali ya oitanidwa. Akapanda kuziona, basi, atenga la mnzanu. Ndiye muzichita ngati mayi wa tomato pamsika, wabwino amamuika pamwamba pa mulu. Kungoti kwa inu, pansi pasakhale woola.

Musanalembe kanthu, tengani chilengezo cha ntchitoyo ndi cholembera. Dulani mzere pansi pa chilichonse chimene akufuna. Tinene kuti akufuna wothandizira ku akaunti: dipuloma, zaka ziwiri akugwira ntchito yotereyi, wodziwa mapulogalamu a pa kompyuta a Excel ndi Sage. Zinthu zimenezo, ngati muli nazo, zioneke pa theka loyamba la tsamba loyamba, ndipo mugwiritse ntchito mawu awo omwewo. Chizolowezi chopanga CV imodzi, kuichita fotokope kambirimbiri n'kumaimwaza paliponse, ku banki yomweyo, ku NGO yomweyo, kusukulu yomweyo, n'chimene chikukusowetsani mafoni oitanira ku intavyu. Ntchito iliyonse muziikonzera yake, ngakhale kusintha mizere isanu yokha.

Pamwamba lembani dzina lanu monga lilili pa masetifiketi, nambala ya foni, imelo, ndi komwe mukukhala, kaya ndi Zomba, kaya Mzuzu. Foniyo ikhale yopezeka. Ngati muli ndi ya Airtel ndi ya TNM ikani zonse ziwiri, chifukwa akaimba kawiri osakupezani sadzavutikanso. Imelo ikhale ya dzina lanu lenileni, osati dzina lija mumatchuka nalo pa Facebook. Kutsegula ina n'kwaulere.

Tsono pali zinthu zimene tinazolowera kuika koma zimangodya malo. Mtundu, mpingo, mudzi, T/A, wokwatira kapena ayi, ana angati. Bwana akufuna munthu wosunga mabuku a ndalama, za mfumu ya kwanu alibe nazo ntchito. Muziike pokhapokha atafunsa okha, monga zimachitikira ku ntchito zina za boma kapena za mipingo. Chithunzi chimodzimodzi, nambala ya chiphaso cha unzika chimodzimodzi. Inu amene mukufunsira ntchito ku Britain, kumeneko chithunzi ndi tsiku lobadwa saika n'komwe.

Pansi pa dzina muike mizere itatu yonena kuti ndinu ndani pa ntchito. Mawu aja a hardworking, God-fearing, team player, aliyense amalemba, ndiye sakusiyanitsani ndi wina aliyense. Nenani chenicheni: kalaliki wa akaunti wa dipuloma, wagwira zaka zitatu mu shopu ya zipangizo zomangira, amadziwa Excel ndi kukonza malipiro a antchito.

Tifike pamene pagona nkhani, ntchito zimene munagwirapo. Yambani ndi ya posachedwa, muzibwerera m'mbuyo. Pa iliyonse lembani udindo, dzina la malo, mwezi ndi chaka chimene munayamba ndi kusiya. Kenako mizere itatu kapena inayi ya zimene munkachita. Apa mpamene ambiri mumadzichepetsa. Wina walemba kuti ankagulitsa mu shopu, n'kusiyira pomwepo. Koma mukamufunsa bwinobwino, mupeza kuti ndiye ankatsegula shopuyo m'mawa, ankalemba malisiti, Loweruka lililonse ankawerenga katundu n'kufananitsa ndi buku, madzulo ankakaika ndalama ku banki, ndipo anaphunzitsa atsikana awiri atsopano. Zonsezi zilembedwe. Munthu amene anamukhulupirira kunyamula ndalama za eni ake kupita nazo ku banki, bwana watsopanoyo afuna adziwe. Pamene pali nambala ikani nambala: ana 60 m'kalasi, alimi 200 amene munkawayendera, galimoto zinayi zimene munkayang'anira. Koma ikhale nambala yoona, yoti mukafunsidwa pa intavyu musachite chibwibwi.

Ena mukuti, ine sindinagwirepo ntchito, ndilembe chiyani? Taganizani bwino. Atachimenti ija munachita muli ku koleji ndi ntchito. Internship ya boma ndi ntchito. Amene munawerenga nawo anthu pa kalembera wa 2018, amene munagwira ganyu ya MEC pa chisankho, amene munaphunzitsapo pa sukulu ya pulaiveti, amene munakhalapo ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba, msungichuma wa banki m'khonde, mlembi wa gulu la achinyamata, zonsezi zimaonetsa kuti anthu anakupatsanipo udindo ndipo munaukwanitsa. Zilembeni mwa dongosolo lomwe lija. Ndipo inu amene mwangotuluka kumene kusukulu, maphunziro muwaike patsogolo, zinazi zitsatire.

Pa maphunziro yambani ndi apamwamba. Ngati muli ndi digiri, za ku pulayimale zisiyeni, lembani digiri ndi MSCE basi. Mapointi a MSCE muwatchule ngati ali abwino, kapena ngati chilengezo chafunsa makirediti a Chingerezi ndi Masamu. Dzina la sukulu lilembedwe monga lilili pa pepala lanu. Amene munamaliza ku Poly chaka cha 2021 chisanafike, digiri yanu ndi ya University of Malawi, musalembe MUBAS chifukwa choti ndilo dzina la masiku ano. Chimodzimodzi a ku College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, omwe tsopano ndi KUHeS. CV ikasiyana ndi setifiketi, woiwerenga amayamba kukaika. Ngati simunamalize, nenani kuti mukuphunzirabe ndi chaka chimene mukuyembekeza kumaliza. Kudzipatsa pepala limene mulibe, musayerekeze. Mabungwe ambiri amafunsa ku MANEB ndi kumakoleji, ndipo akakugwirani si kuchotsedwa ntchito kokha, nkhani imatha kufika kupolisi. Amene munaphunzira kunja, pepala lanu likaunikidwe ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede.

A ntchito zamanja tchulani setifiketi yanu ya TEVETA kapena Trade Test ndi giredi yake. Anamwino nenani kuti munalembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, a akaunti nenani pamene mwafika ndi bungwe lanu la ICAM, madalaivala kalasi ya laisensi yanu. Zilankhulo nazo muike. Chitumbuka, Chiyawo, Chisena, Chilomwe, kwa bungwe logwira ntchito kumidzi zimenezi n'zofunika kwambiri. Za zokonda zanu, kuonera mpira ndi kumvera nyimbo, chotsani.

Anthu okuchitirani umboni akhale atatu, ndipo akhale oti anakuonani mukugwira ntchito kapena anakuphunzitsani. Amalume ayi, ngakhale ali ndi udindo waukulu. Muyambe mwawapempha, muwauzenso ntchito imene mukufunsira. Zimachititsa manyazi bwana akaimba foni, winayo n'kumafunsa kuti, mukuti ndani kodi? Lembani dzina, udindo, malo a ntchito, foni ndi imelo, ndipo muyesere kuimba nokha muone ngati nambalazo zikugwirabe.

Kaonekedwe. Masamba awiri akwana. Zilembo za Arial kapena Calibri, saizi 11 kapena 12, zakuda pa pepala loyera, mitu yokha ndiyo ikhale yonenepa. Maluwa m'mbali, mitundu yambirimbiri, tsamba lonse loyamba longolemba kuti Curriculum Vitae, ayi. Amene mumakalembetsa ku intaneti kafe, chenjerani. Kawirikawiri amatenga CV ya munthu wina n'kungosintha dzina, ndiye mumapezeka mwatumiza pepala lonena kuti mumadziwa kuyendetsa thirakitala pamene ngakhale njinga yamoto simunakwerepo. Werengani mzere uliwonse musanalipire, kenako mupatse munthu wina wodziwa Chingerezi awerengenso, chifukwa zolakwika zako wekha suziona.

Potumiza pa imelo, isandutseni PDF kuti ikatseguke chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse. Failoyo muipatse dzina lanu, osati document1. Pa mutu wa imelo lembani ntchito imene mukufunsira monga anailembera, ndi nambala yake ngati ilipo, ndipo mkati mulembe mizere iwiri ya ulemu, musatumize imelo yopanda kanthu. Kujambula pepala ndi foni n'kutumiza chithunzi chopendekeka, mthunzi wa dzanja ukuoneka, musachite. Ngati akufuna pamanja, envulopu ya A4, osapinda, dzina la ntchito lilembedwe panja. Muike mafotokope a masetifiketi, odindidwa ngati atero, enieniwo asachoke m'manja mwanu mpaka tsiku la intavyu. Ndipo musadikire tsiku lomaliza, magetsi ndi netiweki mukuzidziwa.

Chinanso, wina akakuimbirani kuti CV yanu yasankhidwa koma mutumize ndalama ya fomu kapena ya malo pa foni, dulani foniyo, ndi mbava. Funsani ku ofesi ya bungwelo pa nambala yawo yodziwika.

Amene munanditumizira ma CV, konzani kaye potsatira zimenezi, kenako mutumizenso pamodzi ndi chilengezo cha ntchito imene mukufuna. Obwera kwa ine okhawo atumizeni mu Word kuti ndithe kulembamo. Za kalata yofunsira ntchito ndijambula Lachisanu. Zikomo, tsalani bwino.