Njerwa iwongoledwe isanalowe mu uvuni: mabilu okhudza zofalitsa nkhani ndi malangizo a akatswiri

Zikomo a mfumu potipatsa bwalo lino. Amayi, abambo, ndi inu achinyamata a kalabu yomvera wailesi, ndakulonjerani nonse. A kumbuyoko mukundimva? Chabwino, ndikweza mawu pang'ono.

Ambiri muno munaumbapo njerwa. Ikakhala yaiwisi, yangotuluka kumene m'chikombole, n'kuona kuti yapindika, mumangoibwezera m'dothi n'kuumbanso. Koma ikapsa mu uvuni, kuiwongola kwake ndiye kuiswa. Lamulo lisanakhale lamulo limatchedwa bilu, ndipo bilu ndi njerwa yaiwisi. Amailemba ku unduna, nduna zimaikambirana, imapita ku Nyumba ya Malamulo, komiti ya aphungu imaiunika, aphungu onse amavota, kenako mtsogoleri wa dziko amasainira. Pa ulendo wonsewu mawu angathe kusinthidwa. Akangosainira, kusintha liwu limodzi lokha kumadya zaka.

Lero tikambe za mabilu okhudza wailesi, nyuzipepala, kanema ndi zolembalemba za pa foni. Mumamva kuti bilu yakutiyakuti akatswiri akunja ayiona ndipo akuti ikonzedwe. Ndiye ena amakwiya. Amati dziko ndi lathu, akunja alowererapo bwanji? Funso limeneli si lopusa ayi, ndipo ndiliyankha ndi buku lathu lomwe.

Malamulo aakulu a dziko lino, amene tinayamba kuwatsata mu 1994, pa gawo 35 amapereka ufulu wolankhula zakukhosi, pa gawo 36 ufulu wa atolankhani, pa gawo 37 ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga. Koma gawo limene ndikufuna mupite nalo kunyumba ndi 44. Limati ufulu ungathe kuchepetsedwa, inde, koma kuchepetsako kukhale kolembedwa m'lamulo, kukhale kwanzeru, kukhale kofunikadi m'dziko la demokalase, komanso kukhale kovomerezeka pa miyezo ya ufulu wa anthu ya dziko lonse lapansi. Mwamva mawu omalizawo? Sanatilembere mlendo. Tinalemba tokha. Choncho phungu akamati za kunja sizikutikhudza, akutsutsana ndi buku limene analumbira kuti adzaliteteza.

Ndiponso "akunja" amenewa si azungu okhaokha monga ambiri amaganizira. Ku Banjul, m'dziko la Gambia, kuli bungwe la mayiko a mu Africa loona za ufulu wa anthu. Mu 2002 linalemba mfundo za ufulu wolankhula, ndipo mu 2019 linazilembanso mwatsopano kuti zikhudzenso intaneti. Mu 2013 bungwe lomweli linatulutsa lamulo lachitsanzo la kapezedwe ka nkhani zaboma, ntchito imene anaitsogolera mayi Pansy Tlakula a ku South Africa. Ndiye palinso pangano la United Nations la ufulu wa anthu pa zandale, limene Malawi analowamo mu 1993. Ndime 19 ya panganolo ndiyo ya ufulu wolankhula, ndipo komiti yoyang'anira panganolo inaimasulira mwatsatanetsatane mu 2011. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kameneka tinakaitanitsa tokha posainira mapangano.

Nanga akatswiriwa akalandira bilu amayang'ana chiyani? Chachikulu, chimene ine ndimachiona kuti chimatigwetsa kawirikawiri, ndi mawu otanuka ngati legeni. Ndikupatseni chitsanzo chakwathu. Aphungu anasintha gawo 46 la malamulo a milandu, ndipo kumayambiriro kwa 2011 mtsogoleri wa nthawiyo, malemu Bingu wa Mutharika, anasainira. Gawolo linapatsa nduna mphamvu yoletsa nyuzipepala kapena chofalitsa chilichonse ngati ndunayo ikuona kuti n'chosemphana ndi zokomera anthu. Tamvani bwino: "zokomera anthu". Amayi inu, chokomera anthu n'chiyani? Nyuzipepala ikalemba kuti mankhwala akusowa m'zipatala, kwa inu nkhani imeneyo ndi yokomera anthu. Kwa nduna imene yachita manyazi, ndi yosokoneza anthu. Woweruza ndani? Nduna yomweyo. Fisi kumupatsa ntchito yowerenga mbuzi. Atolankhani, mabungwe a m'dziko muno ndi akunja omwe anachenjeza, koma njerwa inalowabe mu uvuni. Zinatengera kusintha kwa utsogoleri mu 2012, nthawi ya mayi Joyce Banda, kuti aphungu alifafanize gawolo.

Katswiri akaona mawu otere safunsa ngati nduna imene ilipoyo ndi munthu wabwino. Amafunsa kuti mphamvu imeneyi ikadzagwera m'manja mwa munthu woipa mtima, adzachita nayo chiyani? Nduna zimasintha, lamulo limatsala. Ndipo achipani cholamula amene amaombera m'manja lamulo lotere amaiwala kuti mawa angadzakhale kotsutsa, mkwapulo womwewo n'kuwapeza.

Chachiwiri ndi mwini makiyi. Wailesi iliyonse imene mumamverayi, ngakhale yaing'ono ya m'dera, imaulutsa mawu ndi chiphaso chochokera ku MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi, makanema ndi mafoni m'dziko muno. Mfundo za ku Banjul zija zimati bungwe lopereka ziphaso lisakhale m'thumba mwa andale kapena amalonda: anthu ake asankhidwe poyera, asachotsedwe chifukwa choti akhumudwitsa wamkulu wina, ndipo chigamulo chake chithe kukatsutsidwa kukhoti. Inu a kalabu mukukumbukira Juni 2019, chisankho chitangotha, MACRA italetsa mapologalamu oimba foni pa wailesi. Amene anatsekedwa pakamwa tsiku limenelo si atolankhani okha. Ndi inu, amene mumaimba kudandaula za mjigo wowonongeka ndi mtengo wa feteleza. Nyumba zoulutsira mawu zinathamangira kukhoti, ndipo khoti linaimitsa chiletsocho. Chikhala kuti lamulo linatseka njira ya kukhoti, bwenzi nkhani itathera pomwepo.

Chachitatu ndi kukula kwa chilango. Ku Burkina Faso mkonzi wa nyuzipepala, Lohé Issa Konaté, analemba nkhani zoneneza mkulu wina woimira boma pa milandu. Anamulamula kukhala m'ndende miyezi 12, nyuzipepala yake n'kuitseka miyezi 6. Nkhani inafika ku khoti la ufulu wa anthu la mu Africa, ku Arusha, ndipo mu Disembala 2014 khotilo linati kuponya munthu m'ndende chifukwa choipitsa mbiri ya wina n'chilango chopyola muyezo. Kwathu kuno gawo 200 la malamulo a milandu, la mlandu woipitsa mbiri, linakhalabe m'mabuku mpaka Julayi 2025 pamene oweruza a khoti lalikulu anagamula kuti likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Werengani zaka zimenezo. Milandu yonyoza boma nayo aphungu anaifafaniza mu Novembala 2022, ndipo inali ya m'nthawi ya atsamunda.

Kuti musaganize kuti vutoli ndi la ku Africa kokha: ku Albania, ku Ulaya, aphungu anavomereza mu Disembala 2019 malamulo opatsa bungwe loyang'anira mawailesi mphamvu pa nyuzipepala za pa intaneti. Mtsogoleri wa dziko anawabweza, ndipo akatswiri a zamalamulo a Venice Commission, bungwe la ku Ulaya lolangiza mayiko pa malamulo, mu Juni 2020 anati sanafike poti n'kukhazikitsidwa mmene analili.

Koma sikuti akatswiri amangoletsa. Amathandizanso kumanga. Lamulo lathu lopezera nkhani zaboma linavomerezedwa ndi aphungu mu Disembala 2016, a Peter Mutharika anasainira mu Febuluwale 2017, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Mabungwe oteteza ufulu wa atolankhani monga MISA Malawi analimenyera nkhondo zaka zoposa 10. Mukaliyika pambali pa lamulo lachitsanzo la mu 2013 lija, muona kuti mafupa ake ndi ofanana: ofesi iliyonse ikhale ndi munthu wolandira mafunso a anthu, yankho libwere m'masiku oikika, ndipo akakukanizani pakhale kokadandaula kunja kwa ofesiyo. Kwathu kuno yankho likuyenera kubwera m'masiku 15 ogwira ntchito, ndipo oyang'anira ndi a bungwe la Malawi Human Rights Commission. Ndiye kuti inu bambo muli ndi mphamvu yolemba kalata ku khonsolo kufunsa kuti ndalama za chitukuko cha m'dera lino zagwira ntchito yanji. Koma onaninso apa: kuchokera pa kusainira kufika poyamba ntchito panadutsa zaka zoposa 3, chifukwa tsiku loyambira linasiyidwa m'manja mwa nduna. Kachiganizo kamodzi kokha, kooneka kosalakwa, kumapeto kwa bilu. Ndi tinthu totere timene timafuna diso lozolowera.

Ine sindinena kuti chilichonse chimene katswiri wanena tizingomeza. Ena amalemba malangizo asanapondeko kumudzi, sadziwa kuti wailesi ya m'dera imayendera mabatire ndi anyamata ongodzipereka, ndiye amaika zofunika zimene wailesi yotere singazikwanitse. Pamenepo tiyenera kuyankha. Chimene ndimakana n'chakuti boma lilandire malangizo, liwatsekere m'kabati, kenako lidzatiuze kuti "tinafunsa akatswiri". Munafunsa, chabwino. Anati chiyani? Mwatenga ziti, mwasiya ziti, ndipo chifukwa chiyani? Malangizowo aikidwe poyera, bilu imasuliridwe m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, iwerengedwe pa wailesi, komiti ya aphungu isanamalize ntchito yake.

Ndaona dzanja uko. Eya mayi, lankhulani.

Mayiwa akufunsa kuti nanga munthu akakunamizira pa wailesi kapena pa WhatsApp kuti ndiwe mfiti kapena wakuba, tizingomuyang'ana chifukwa cha ufulu? Ayi mayi, ndipo funso lanulo ndi lolemera, chifukwa bodza la ufiti laphetsapo agogo athu m'midzimu. Miyezo ija simateteza wolimbikitsa chiwawa. Ameneyo lamulo limugwire ndithu. Wokuipitsirani mbiri mungathe kumusumira kukhoti kuti akulipeni chipukutamisozi, ndipo ngati ndi nyumba yofalitsa nkhani mungakadandaule ku Media Council of Malawi kuti ibweze mawu ake poyera. Chimene akatswiri amakana ndi lamulo lolembedwa mwa chisawawa, lakuti poti likusaka wabodza uja limakolanso mtsikana amene walemba pa Facebook kuti kuchipatala anamubweza wopanda mankhwala. Lamulo la za pa intaneti la mu 2016 lamangitsapo anthu chifukwa cha zolemba za pa foni, ndipo mkangano wake wagona pomwepo, pa mawu otanuka aja.

Tsopano tigawane m'magulu anayi, amayi asakhale gulu lawolawo, tisakanikirane. Ndabweretsa mapepala a gawo 46 lakale lija m'Chichewa. Gulu lililonse lidule mzere pansi pa liwu lililonse limene nduna ingalikokere kumene ikufuna, kenako mulembe mmene mukanalikonzera. Alembi a kalabu, tengani zolemberazi mugawe. Tikumananso pansi pa mtengo uno pakatha mphindi 20.