Kuika VPN pa Fire TV Stick ndi pa Zipangizo Zina Zoonerera Makanema

Moni nonse amene mukutsatira vidiyoyi. Lero tikambirana za kaikidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka VPN (pulogalamu yobisa zimene mukuchita pa intaneti) pa zipangizo zimene timalumikiza ku TV kuti tizionera makanema a pa intaneti, ndipo pempho langa loyamba ndi lakuti musalipire kampani iliyonse ya VPN musanadziwe bwino mtundu wa chipangizo chanu, chifukwa zipangizo zina sizilola pulogalamu ya VPN ngakhale pang'ono.

Chipangizo chikalumikizidwa ku intaneti chimakhala ndi nambala yotchedwa IP, ndipo makampani monga Netflix amayang'ana nambalayi kuti adziwe dziko limene muli, kenako n'kukuonetsani makanema amene iwo ali ndi chilolezo choonetsa m'dzikolo. Mukayatsa VPN, zonse zimene chipangizo chikutumiza zimayamba zabisidwa, kenako n'kupita ku seva (kompyuta yaikulu) ya kampani ya VPN, ndipo sevayo ndi imene imapempha kanemayo m'malo mwanu pogwiritsa ntchito IP yake. Zili ngati kalata yomatidwa mu envulopu imene mwaipereka kwa mtumiki: kampani imene imakugulitsani intaneti imaona kuti mwatumiza chinachake ku seva, koma sidziwa zimene zili m'katimo. Mtumikiyo ndiye amadziwa kumene kalata ikupita, choncho kusankha kampani ya VPN ndi nkhani ya kukhulupirirana.

Fire TV Stick ya Amazon imene ili ndi Fire OS imalola mapulogalamu a VPN, kupatulapo ya m'badwo woyamba imene inatuluka mu 2014. Kuti mudziwe yanu, tsegulani Settings, musankhe My Fire TV, kenako About. Zipangizo za Android TV ndi Google TV nazo zimalola, ndipo pulogalamuyo imapezeka mu Play Store. Apple TV inayamba kulola mu 2023 pamene tvOS 17 inatuluka. Roku silola, chimodzimodzinso ma TV a Samsung amene ali ndi Tizen komanso a LG amene ali ndi webOS, ndipo eni zipangizo zimenezi adikire mpaka kumapeto kumene ndifotokoze njira ya rauta, chipangizo chimene chimagawa Wi-Fi m'nyumba.

Tsopano yang'anani pa sikirini, pamene ndikugwiritsa ntchito Fire TV Stick. Akaunti ya VPN muyambe mwaitsegulira pa foni kapena pa kompyuta, chifukwa kulemba imelo ndi pasiwedi yaitali ndi rimoti, chilembo chimodzichimodzi, ndi ntchito yotopetsa imene imabweretsa zolakwika. Mukatero, pitani pa chizindikiro chofufuzira, mulembe dzina la pulogalamu, kaya ndi NordVPN, ExpressVPN, Surfshark kapena Proton VPN, ndipo ikaoneka mudine Get kapena Download. Mukaitsegula, mapulogalamu ambiri amaonetsa kachidindo ka QR kapena manambala ochepa amene mumakalemba pa foni, ndipo TV imalowa yokha mu akaunti yanu. Ulendo woyamba kudina Connect, pamatuluka uthenga wopempha chilolezo chokhazikitsa VPN pa chipangizocho. Dinani OK, chifukwa mukakana pulogalamuyo singalumikize chilichonse.

Pamene pafunika kuganiza mofatsa ndi posankha seva. Seva ikakhala kutali, deta imayenda ulendo wautali, ndipo kanema amayamba kuimaima kapena chithunzi chimachita chimbuuzi. Kwa munthu amene ali ku Lilongwe kapena ku Lusaka, amene cholinga chake ndi kungodziteteza pa Wi-Fi ya pa hotela kapena ya nyumba yogawana ndi anthu ena, seva ya ku Johannesburg ndi yanzeru kuposa ya ku London kapena New York, ndipo makampani ambiri akuluakulu ali ndi ma seva ku South Africa. Netflix imanena kuti chithunzi cha 1080p chimafuna liwiro la 5 Mbps, pomwe cha 4K chimafuna 15 Mbps. Yesani liwiro pa fast.com VPN ili yozima, muyesenso itayaka, ndipo ngati latsika kwambiri, lowani m'makonzedwe a pulogalamu musankhe njira yolumikizira ya WireGuard m'malo mwa OpenVPN. WireGuard ndi njira yatsopano komanso yopepuka, ndipo kupepukako kumaonekera bwino pa kachipangizo kakang'ono ngati aka, kamene mphamvu yake ndi yochepa poyerekeza ndi kompyuta.

Amene mumaonera pogwiritsa ntchito bandulo, mumvetsere apa. VPN siichepetsa deta, koma imaonjezerapo pang'ono chifukwa cha kubisa kuja, pomwe kanema wa HD pa Netflix amatha kudya mpaka 3 GB pa ola limodzi. Chinanso ndi chakuti ngati munagula bandulo ya YouTube yokha, netiweki siithanso kuzindikira kuti mukuonera YouTube, choncho ikhoza kuyamba kudula bandulo yanu ya intaneti wamba kapena mayunitsi. Mapulogalamu ambiri ali ndi gawo lotchedwa split tunneling, limene limakulolani kusankha kuti YouTube izidutsa kunja kwa VPN, pomwe zina zonse zikudutsa m'kati.

Mukasintha dziko la seva koma pulogalamu yoonerera n'kumaonetsabe makanema omwe aja, musafulumire kunena kuti VPN yakanika. Pitani ku Settings, Applications, Manage Installed Applications, musankhe pulogalamuyo, mudine Force stop kenako Clear cache, ndipo muitsegulenso VPN ili yoyaka kale.

Sindikufuna kuti mugule VPN muli ndi chiyembekezo cholakwika. Mu Januwale 2016, mwezi womwewo umene Netflix inafika m'maiko ena 130 kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, kampaniyi inalengeza kuti iyamba kutsekereza anthu odutsira njira zoterezi, chifukwa zilolezo za makanema zimagulidwa dziko ndi dziko. Masiku ano ikazindikira VPN, kawirikawiri imangokuonetsani makanema amene ili ndi chilolezo chowaonetsa padziko lonse. Pulogalamu yoonerera ya BBC iPlayer ndi ya anthu a ku Britain, ndipo kuyambira mu 2016 woonera amayenera kukhala ndi laisensi ya TV. VPN imasintha IP yokha, siikupatsani akaunti yolipira kapena chilolezo, ndipo kudumpha malire a dziko kumasemphana ndi malamulo amene munavomereza potsegula akaunti.

Za VPN zaulere ndili nazo nkhawa yeniyeni, chifukwa ma seva amadya ndalama ndipo mwini wake ayenera kuzipeza kwinakwake. Mu 2015 zinadziwika kuti VPN yaulere yotchedwa Hola inkagulitsa intaneti ya anthu amene ankaigwiritsa ntchito kwaulere kudzera ku bizinesi yake ina yotchedwa Luminati, kutanthauza kuti anthu achilendo ankadutsira pa IP zawo. Pulogalamu imene simukudziwa mwini wake musaiike pa chipangizo chimene chili ndi akaunti zanu.

Kwa eni Roku, Samsung ndi LG, VPN imaikidwa pa rauta, ndipo chilichonse cholumikizidwa ku Wi-Fi imeneyo chimadutsa m'menemo. Rautayo iyenera kukhala ndi gawo la VPN Client, monga mmene zilili ndi ambiri a Asus ndi GL.iNet, koma ma MiFi ndi ma rauta ambiri ochokera ku makampani a intaneti alibe gawoli. Tsitsani fayilo ya WireGuard kapena OpenVPN pa akaunti yanu, muilowetse pa tsamba la makonzedwe a rauta, ndipo mukayatsa, muone ngati IP yasintha pa foni yolumikizidwa ku Wi-Fi yomweyo musanatsegule TV. Dziwani kuti aliyense wa m'nyumbamo adzaoneka ngati ali m'dziko la sevayo, ndipo mapulogalamu ena a banki amatha kukana munthu wolowera ku dziko lachilendo, choncho ndi bwino kukhala ndi rauta yachiwiri ya TV yokha.