Makalata a Omvera: Anyamata a ku Nchalo ndi Masipika Opsa

Takulandirani omvera nonse a m'chigwa muno, kuyambira ku Thabwa mpaka ku Marka. Sabata ino makalata ambiri akukamba za magule a pakompyuta, ndipo ndiyamba ndi imene yandikhudza kwambiri.

Yachokera ku Nchalo, ndipo akuti: "Ndife anyamata asanu. Awiri timapanga mabiti pa pulogalamu ya pakompyuta ya FL Studio, mmodzi ndi DJ, awiri amasamala zoimbira. Timaimba amapiano ndi gqom m'mashedi usiku. Mwezi watha masipika awiri anapsa gule ali mkati, ndipo ampulifaya ikumazima yokha. Kodi anzathu akunja anatchuka bwanji atayambira pansi ngati ife?"

Anyamata inu, tiyambe ndi zopsazo, pakuti gulu lopanda zoimbira ndi bwato lopanda nkhafi. Ndikuganiza kuti munapachika masipika anayi pa tchanelo imodzi. Masipika awiri a 8 ohms (ohms ndi muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi, ndipo ukatsika ampulifaya imalemedwa) mukawalumikiza waya wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda, amatsika kufika pa 4 ohms. Akakhala anayi ndi 2 ohms, pomwe ma ampulifaya ambiri analembedwa kumbuyo kuti asatsike pa 4. Ndiye imatentha n'kudzizimitsa, makamaka kuno komwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Pachikani awiri okha pa tchanelo. Ampulifaya ikhale pa benchi, osati pansi, kumbuyo kwa fani kukhale mpata, ndipo fumbi muzilichotsa sabata iliyonse.

Chokuchenjezani kuti masipika apsa ndi kanyali kofiira ka pa ampulifaya kolembedwa clip. Kakayaka mosalekeza ndiye kuti mawu akusweka ndipo koyilo ya sipika ikupsa m'kati. Log drum, ng'oma ya besi yolemera ya amapiano, ndiyo imakayatsa msanga. Tsitsani gain, kobonyeza kokwezera mawu olowa mu ampulifaya, mpaka kazingophethira mwa apo ndi apo, ndipo ikani crossover, chida chogawira mawu ku masipika, pa 100 Hz kuti besi yolemera izipita ku masipika akuluakulu apansi okha. Poyatsa, ampulifaya ikhale yomaliza. Pozimitsa ikhale yoyamba. Jenereta ya 5 kVA imapereka pafupifupi mawatsi 4000, inu musadutse 3000. Ndipo firiji ya amayi ogulitsa zakumwa isakhale pa jenereta yomweyo, ngakhale atakulonjezani fanta waulere usiku wonse, chifukwa ikamadzuka imagwetsa mphamvu.

Tsopano funso lanu lalikulu. Gqom inabadwira m'makomboni a ku Durban cha m'ma 2010, anyamata akupangira m'zipinda zogona pa FL Studio yomweyo. Sanadikire wailesi, nyimbo zinkayenda pa mafoni ndi m'maminibasi. Ku Kampala, gulu la Nyege Nyege linayamba mu 2013 ndi timaphwando ta usiku, mu 2015 linayambitsa chikondwerero ku Jinja, kenaka linayamba kutulutsa nyimbo, kuphatikizapo singeli wa ku Dar es Salaam, wothamanga kupitirira mabiti 200 pa mphindi. Onsewa anthu akutali anawatchera khutu chifukwa anamva chinthu chimene kwawo kulibe.

Apa ndiye ndikudzudzuleni pang'ono, achimwene. M'kalata yonse simunatchulemo nyimbo za kwathu kuno monga valimba, utse kapena likhuba. Amapiano eni ake ali ku Johannesburg ndi ku Pretoria, koma valimba ali pakhomo panu. Pitani kwa akuluakulu oimba, mupemphe mwaulemu, muwalipire, mulembe maina awo. Jambulani m'mawa mphepo isanayambe, foni italikirane ndi chida ngati kutalika kwa mkono. Duladulani timagawo ta mabiti 8, mukagoneke pamwamba pa ng'oma zanu cha pa mabiti 112 pa mphindi, liwiro la amapiano. Besi ikhale mono, kutanthauza yofanana kumanzere ndi kumanja. Potulutsa nyimbo sankhani fayilo ya WAV kapena mp3 ya 320 kbps, ndipo pa WhatsApp muzitumiza ngati document. Kaperekeni kwa othira nyimbo m'mamemore khadi pamsika ndi kwa madalaivala a minibasi. Za ndalama mulemberane lero muli pa ubale, ndipo gawo limodzi mwa atatu lizisungidwa lokonzera zida.

Achemwali a ku Bangula akufuna kukhala DJ koma alibe zida. Yambani ndi pulogalamu ya VirtualDJ pa laputopu, muphunzire kuwerenga mabiti 32 musanalowetse nyimbo ina. Anyamata a ku Nchalo aja alibe mtsikana m'gulu, mwamva?

Makalata atatu, ochokera ku Tengani, ku Ngabu ndi pa boma pa Chikwawa, ndi a makolo odandaula phokoso lofika m'bandakucha ndi ana a sukulu opezeka kumagule. Makolowa akunena zoona. Mawu a besi amaboola khoma, ndipo m'nyumba zoyandikana muli odwala, makanda ndi ana okonzekera mayeso. Dziwitsani amfumu ndi apolisi gule asanachitike, gwirizanani ola lotsekera ndipo mulisunge. Masipika alozetseni kudambo, osati kumudzi. Pakhomo paime munthu wamkulu wobweza ana. Pamudzi pakagwa maliro, sunthani tsiku popanda kukambirana. Magule ambiri amatsekedwa ndi anansi otopa, osati ndi kusowa kwa luso.

Bambo a ku Makhanga, nyimbo yanu ngati ikuseweredwa popanda dzina lanu, kailembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso. Inu a ku Dyeratu amene fulashi yanu ikukanidwa ndi makina a DJ, sungani kaye nyimbozo pakompyuta, fulashiyo muifomate ku FAT32, mukatero muzibwezeremo. Takhuta nonse polemba.