Msilikali asananyamuke, akonze zapakhomo

Zikomo a gulupu, zikomo mafumu nonse, a shehe, abusa, amayi ndi abambo. Inu anyamata ndi atsikana mwaima kumbuyoko, senderani kuno kumthunzi, chifukwa zina mwa zimene ndilankhule ndi zanu. Kwa amene simundidziwa, ine ndinagwira ntchito ya usilikali mpaka kupuma. Komiti inandipempha kuti ndicheze ndi mabanja amene muli ndi mwana, mwamuna kapena mkazi ku Malawi Defence Force, komanso ndi achinyamata amene mtima wanu uli pa yunifolomu.

Usilikali si mlendo kuno ku Mangochi. Mukafika pa boma, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pali nsanja ya wotchi ija, ndipo chapomwepo pali mfuti yaikulu. Mfuti imeneyo inachokera pa sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, kumtunda kwa nyanja yathu yomweyi. Nthawiyo kuno kunkatchedwa Fort Johnston. Lero asilikali athu a pamadzi ali ku Monkey Bay, ndipo ana a m'midzi inoyi ali ku Cobbe ku Zomba, ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, ena ku Moyale ku Mzuzu.

Msilikali safunsidwa kuti kodi wakonzeka. Lamulo likabwera amanyamula chikwama, basi. Kuyambira 2013 ana athu akhala akupita kukasungitsa mtendere kum'mawa kwa DRC limodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa. Mu Novembala 2018 tinataya asilikali 6 kudera la Beni. Mmodzi mwa iwo anali Private Chancy Chitete, amene anafa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania wovulala, ndipo mu 2019 bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Mu Januwale 2025 tinalira ena atatu. Sindikunena izi kuti ndikudetseni nkhawa, amayi. Ambiri amapita ndi kubwerako ali bwinobwino. Ndikunena kuti mumvetse chifukwa chake nkhani ya mapepala ndiyikhalira pansi. Jombo timapukuta, mfuti timatsuka tsiku ndi tsiku, koma za kunyumba timazisiya mbwee, ndipo amene amavutika nazo ndi mkazi ndi ana.

Pali fomu imene mwana wanu anadzaza akulowa maphunziro ku MAFCO, sukulu ya asilikali ku Salima, mutu uli mpala, asanaganizeko n'komwe za banja. Ndi ija ya next of kin, pamene umalemba munthu woti adziwitsidwe zinthu zikavuta. Mnyamata wa kuno kawirikawiri amalemba mayi ake kapena malume ake, mwini mbumba. Pa nthawiyo sanalakwe. Vuto ndi lakuti zaka zimapita, amakwatira, amabereka, fomu ija osaisintha.

Ndinaperekezapo mayi wina wamasiye kukatsata za mwamuna wake. Mwana anali kumsana, mapepala ake onse ali mu jumbo ya shuga: makadi a sikelo a ana, chithunzi cha malemu atavala yunifolomu, ndi kalata imodzi yopindapinda. Mlembi anatsegula fayilo, nayendetsa chala pamzere. Dzina la mayiyo munalibe. La ana munalibe. Munali la malume a malemu, amene nawonso anali atamwalira kale. Mlembiyo sanamuchitire nkhanza ayi, iye amawerenga zimene zalembedwa. Mayi uja anabwerera kumudzi kukasaka ankhoswe, kukatenga kalata kwa mfumu, kubwereranso, kupitanso. Mbuzi zimene akanalipirira mwana sukulu zinathera pa thiransipoti. Zake anazipeza ndithu, koma mochedwa ndi movutikira, chifukwa cha mzere umodzi umene mwamuna wake akanaukonza m'mawa umodzi wokha.

Choncho mwana wanu akabwera patchuthi, musamangomufunsa za feteleza. Mufunseni kuti, "Kodi mkazi wako ndi ana unawalembetsa kuntchito?" Nanu akazi a asilikali, funsani. Kufunsa zimenezi si kumuombeza imfa mwamuna wanu. Msodzi amasoka chilimira pamchenga kuli bata, sadikira kuti mwera umupeze pakati pa nyanja.

Tsono mumve bwino apa, chifukwa pamayambira ndewu zambiri pamaliro. Kulembedwa pa fomu ija sikutanthauza kuti chuma chonse ndi chako. Kagawidwe ka chuma cha masiye kali ndi lamulo lakelake la 2011, Deceased Estates Act. Munthu akamwalira osasiya wilo, lamuloli limayamba kuteteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, kenako ena amene ankadalira malemu pa moyo wawo. Katundu wa m'nyumba, mipando, mabedi, miphika, amatsala ndi mkazi. Kubwera ndi lole maliro asanazizire n'kuyamba kupakira ndi mlandu wolanda chuma cha masiye, ndipo munthu amapita nawo kundende. A malume, ndikukulemekezani kwambiri, udindo wanu pa mbumba ndi waukulu. Koma lamuloli silinakupatseni makiyi a nyumba ya mphwanu. Pakavuta, kuli ofesi ya DC, kuli Administrator General woyang'anira chuma cha masiye, ndipo wosowa ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, amene ntchito yawo ndi kuthandiza anthu ngati ife.

Wilo si ya anthu olemera okha. Ukhoza kuilemba m'Chichewa, papepala wamba. Chofunika ndi chakuti ilembedwe, usayine pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisayine. Mbonizo zikhale anthu amene sakulandirapo kanthu mu wiloyo. Tchula zinthu ndi mayina ake: nyumba ili pakuti, bwato ndi injini, akaunti ya kubanki, ng'ombe zimene unasungitsa ku Namwera. Ndipo munthu mmodzi wokhulupirika adziwe pamene pepalalo lili, chifukwa wilo yobisika mpaka chiswe kuidya sithandiza aliyense.

Ndilankhule mosabisa mawu kwa abambo anzanga. Ntchito yathu ndi yoyendayenda, ndipo ena ali ndi ana ku Karonga, ena ku Mulanje, amene mayi a kunyumba sawadziwa. Lamulo silisankha mwana. Wobadwira m'banja ndi wobadwira kunja onse ndi ana a malemu, ndipo onse ali ndi gawo. Pamene uli moyo, mayi wa mwanayo akhoza kukusumira kwa majisitireti pa nkhani ya chisamaliro, ndipo yunifolomu siyikutchinjiriza. Ulula mwana wako uli moyo, aliyense amve kuchokera pakamwa pako. Zoti ana azikadziwirana pamanda n'zochititsa chisoni. Amene muli pamitala, chimodzimodzi, mabanja onse alembedwe. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa chinkhoswe, wa kumzikiti, wa kutchalitchi ndi wa kwa DC. Limazindikiranso anthu amene akhala limodzi ngati banja zaka 5, koma umenewo amautsimikiza ndi khothi, ndipo ndi ulendo wautali. Pezani mtchatho kapena kalata ya ukwati mukadali awiri.

Nkhani ya malo ndiyo ina. Kuno ambiri timakwatira chikamwini. Msilikali akabwera ndi ndalama za ku Congo amathamangira kuumba njerwa n'kumanga nyumba ya malata pamalo a kuchikazi, popanda kalata ngakhale imodzi. Banja likakhala bwino, palibe vuto. Likatha, kapena mkazi akatsogola, mpamene munthu amazindikira kuti nthakayo ndi ya mbumba ya eni ake. Sindikunyoza mwambo wathu. Ndikuti khalani pansi ndi ankhoswe a mbali zonse pamaso pa mfumu, mugwirizane, mulembe. Mukagula puloti, pasakhale kungogwirana chanza pansi pa mtengo wa mango. Mfumu idziwe, mboni zisayine, ndipo mutsate kalembera wa malo monga mwa lamulo la 2016.

Ndalama zomwezo zili ndi mdani wina, katapila. Malipiro a msilikali amabwera mwezi ndi mwezi mosaphonya, n'chifukwa chake obwereketsa amamukonda. Ngongole iyi idulidwa pa payslip, inayo idulidwa kubanki, wa katapila wasunga khadi ya ATM, ndipo pofika pa 5 munthu alibe ndi ya sopo yomwe. Makolo, penanso timawakankhira ndife. Mwana akangovala yunifolomu, mudzi wonse umamuwona ngati banki. Akati alibe, mukhulupirireni. Msilikali wodzala ndi ngongole sagona tulo, ndipo ndi amene amayamba kuganiza zogulitsa mafuta a galimoto ya boma.

Pamenepo ndipo amakumana ndi malamulo awiri nthawi imodzi. Msilikali ali pansi pa malamulo a dziko ngati wina aliyense, komanso ali pansi pa Defence Force Act. Kwa munthu wamba kujomba kuntchito ndi nkhani ya iye ndi bwana wake. Kwa msilikali kusowa popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kuthawa ntchito ndi mlandu waukulu umene ungamufikitse ku court martial, khothi la asilikali. Tchuthi chikatha, musamugwire mwana kuti adikire sadaka kapena chinamwali cha mlongo wake. Ngati pagwadi zovuta, aimbire akuluakulu ake apemphe masiku, nthawi isanathe. Akamenya munthu kumowa, kapena akamenya mkazi, ndi mlandu wa kupolisi ngati wa aliyense, ndipo amayi musaope kupita ku Victim Support Unit poganiza kuti msilikali sagwidwa. Za ndale za zipani azitalikire, ndipo zithunzi za kumalo a ntchito zisamapezeke pa Facebook.

Tsopano inu a kumbuyo mwasendera aja. Ntchito ya usilikali sigulidwa. Akafuna anthu amalengeza poyera, zaka zofunika ndi maphunziro ofunika zimalembedwa m'chilengezomo. Munthu akakuimbira foni kuti tumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ndikuikire dzina, ameneyo ndi wakuba, kanene kupolisi. Chimene ungachite lero ndi kuyang'ana mapepala ako. Dzina ndi tsiku lobadwa pa satifiketi ya MSCE zifanane ndi za pa chiphaso cha unzika. Kuno timakonda kusintha mayina, kusukulu dzina la malume, pa chiphaso dzina la bambo. Kakonzetseni ku NRB kapena ku MANEB nthawi ikadalipo. Satifiketi yobwereka kwa mbale wako ingakulowetse, koma tsiku limene idzaululike udzataya ntchito ndi zaka zonse unagwira.

Thupi nalo silikonzeka sabata imodzi. Yamba miyezi ingapo m'mbuyo, pang'onopang'ono, kuthamanga m'bandakucha dzuwa la kuno lisanakwiye. Mu Okutobala kuthamanga masana ndi kudzipha, ndipo imwa madzi usanamve ludzu. Mchenga wa kunyanja umalimbitsa miyendo, ndipo kusambira kumene munakula nako ndi mwayi umene anzanu a kumtunda alibe. Koma nyanja yomweyo ili ndi likodzo. Ambiri tinakula tikuwona magazi pokodza ngati chizindikiro cha kukula, pamene ndi matenda amene amatha magazi ndi mphamvu, mpaka kuwononga chikhodzodzo. Mankhwala ake, praziquantel, ali kuchipatala. Kayezetseni musanakaime pamaso pa dokotala wa asilikali. Chamba ndi timowa ta m'mabotolo ang'onoang'ono tija zimakudulani mpweya pa kilomita yoyamba.

Kwa amene ali kale m'ntchito, udindo ukamakwera mimba nayo imakwera. BP ndi shuga sizimva kuti ndiwe sajeni, ziyezedwe. Bondo kapena msana ukavulala pantchito, kalembetse kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa podzapempha chipukuta misozi adzafuna zolembedwa, osati zokumbukira. Palinso bala lina losaoneka. Mwana wanu akabwera kuchokera kunkhondo n'kumadzidzimuka usiku, kupsa mtima ndi chitseko chongomenyeka, kumwa mowa kuposa kale, kukhala payekha osalankhula, musathamangire kunena kuti amulodza kapena wayamba kunyada. Waona zinthu zolemera. Apite kwa dokotala wa kuntchito kapena kuchipatala cha boma, ndipo ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God kuli anthu amene anaphunzira zimenezi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mukhale naye pafupi, a shehe ndi abusa mumuyendere, koma kuchipatala apite ndithu.

Yunifolomu imavulidwa munthu akadali ndi mphamvu, ana akadali pasukulu. Penshoni imathandiza, koma payokha sikwanira, ndipo ndalama ya nthawi imodzi ija ikafika m'manja mwa munthu amene sanagulitsepo ngakhale mulu wa usipa, imasungunuka chaka chisanathe. Usilikali uli ndi amakaniki, madalaivala, anamwino, amisiri omanga, a magetsi, oyendetsa maboti. Mwana wanu atengepo luso limodzi, ndipo alipezere satifiketi imene anthu wamba amaizindikira, monga ya TEVETA. Amene MSCE yake inali yofooka akhoza kulembanso ali pantchito. Bizinesi aiyambe yaing'ono adakali pamalipiro, kuti ikagwa pakhale pogwira. Makalata onse a ntchito, la kulembedwa, a kukwezedwa, a kuchipatala, akhale mu fayilo imodzi, ndipo mkazi adziwe pamene ili.

A mlembi a komiti ali ndi kope apo. Mabanja amene mukufuna kuti tikhalire limodzi pa za wilo ndi makalata a ukwati, lembetsani mayina tisanabalalike, tidzakumane Loweruka m'mawa pompano, ndipo mudzabwere ndi ziphaso zanu. Anyamata ndi atsikana ofuna kuthamanga, Lolemba pa bwalo la sukulu ikamakwana 5 koloko. A gulupu, ndabweza mawu kwa inu kuti anthu afunse mafunso.