Musanathyole Kamtengo, Yambani Mwafunsa

Zikomo a Gulupu, mafumu, amayi ndi abambo nonse. Inu muli kumbuyoko senderani kuno kumthunzi, mawu anga safika patali.

Ndiyamba ndi kudziulula ndekha. Mdzukulu wanga wa zaka 8 anayamba kukodza pogona, mwana woti anasiya kalekale. M'mawa uliwonse ine ndi mphasa padzuwa, pakamwa posatseka: "Waulesi iwe! Anzako akuseka!" Tsiku lina ndinathyola kamtengo n'kumukwapula. Usiku womwewo anakodzanso.

Anandithandiza ndi mlangizi wa zaumoyo. Anandifunsa zinthu ziwiri zokha. Choyamba, kodi mkodzo wake uli ndi magazi? Paja ife ndife a kunyanja, ana athu amasamba ku Chia kuno tsiku ndi tsiku, ndipo nkhono zosunga tizilombo ta likodzo zimakonda m'mabango momwemo. Tinapita kuchipatala, anamuyeza, analibe. Chachiwiri ndicho chinandilasa mtima: "Agogo, pakhomo pasintha chiyani?" Nditawerenga bwino, mwezi umene anayamba ndi womwe bambo ake anakwera basi ya ku Johannesburg osamutsanzika. Ife tinamunamiza kuti apita kumsika. Mwana ankakhala pakhonde mpaka mdima, kudikira munthu wochokera kumsika.

Mwana sadziwa kunena kuti "ndili ndi nkhawa". Amanena ndi thupi lake. Wina mimba imamupweteka m'mawa uliwonse wa sukulu, wina amakana kondowole amene ankanyambita zala, wina ndewu, wina amajomba n'kukatandala kudooko. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: ngakhale uja wangoti zii, amene timamutama kuti ndi wofatsa, mwina ndiye wasenza zambiri.

Ndinachita chiyani? Ndinamuitana madzulo tikusenda chinangwa, tili chogundizana mapewa, osamuyang'ana m'maso, chifukwa mwana ukamuyang'anitsitsa amaona ngati ali pabwalo la milandu. Ndinamuuza zoona, kuti bambo ake apita kukagwira ntchito kutali, sanathawe iye. Analira, ine ndinangomusiya alire. Tinapangana kuti Lamlungu lililonse azilankhula nawo pa WhatsApp. Madzi usiku tinachepetsa, ndinkamudzutsa kamodzi kuti akataye madzi, ndipo mphasa tinkayanika kuseri, osati poonekera anthu. Sizinathe tsiku limodzi ayi, zinapita pang'onopang'ono.

Ndikuona abambo ena akupukusa mitu. Sindikuti mwana azingosiyidwa. M'mera mpoyamba, timadziwa tonse. Koma chilango chizigwirizana ndi cholakwa. Wataya mbuzi, akaifune. Wang'amba ukonde posewera, akhale pansi asoke nanu. Ndipo akachita bwino muzinenanso, osati pakamwa kutseguka pokhapokha walakwa. Mtima ukapsa, tulukani kaye, kamweni madzi, mlandu suwola.

Abambo a usipa, usiku muli panyanja, masana muli mtulo. Mwana amakuonani liti? Mwera ukawomba, mabwato ali pamtunda, m'thumba mulibe kanthu, mkwiyo umathera pa mayi. Nyumba zathu ndi chipinda ndi balaza. Amene mukuti wagona uja amamva zonse, ndipo mawa ndiye amamenya anzake kusukulu.

Nafenso akulu timadwala maganizo. Mayi akabereka n'kukhala masabata awiri kapena kuposa akungolira, tulo osabwera, khanda osalifuna, musathamangire kunena kuti walodzedwa kapena ndi mwano. Ndi matenda, mperekezeni kuchipatala. Mwana kapena wamkulu akatchula zodzipha, musaseke, musakalipe, musamusiye yekha. Pitani naye tsiku lomwelo.

Pali nambala ya foni yothandiza ana, 116, ya Tithandizane, imene amayendetsa a bungwe la YONECO. Ndi yaulere, imbani ngakhale foni ilibe mayunitsi. Kuboma kuli ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, kupolisi kulinso nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana linakhazikitsidwa mu 2010, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Choncho mtsikana wa zaka 15 akavuta pakhomo, kumukwatitsa kuti "akaphunzire nzeru kubanja" ndi mlandu.

A Gulupu, ndaona mayi awo akweza dzanja kalekale. Funsani mayi, imirirani kuti onse amve.